CHIPEWA CHIMENE CHIDAKUPULUMUTSANI DZULO SICHIDZAKUPULUMUTSANINSO MAWA

M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala ndidali pa ulendo wokayendera zitsime ndi zimbudzi za m'madooko a kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, monga momwe ntchito yathu yoyang'anira za ukhondo imafunira. Nditafika pa mlatho wa Chia, pamene amayi amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, ndidaima kuti ndipumuleko. Pamthunzi padakhala mnyamata wa kabaza wa njinga yakapalasa, ali kusoka lamba wa chipewa chake choteteza mutu ndi ulusi wa ukonde.

Ndidakondwa kuona wa njinga yakapalasa ali ndi chipewa, pakuti otere ndi owerengeka kuno kwathu. Titapatsana moni ndidamufunsa kuti, "Achimwene, nanga chipewachi chidaona zotani?"

Iye adaseka nati, "Bambo, chimenechi ncholimba zedi. Chaka chatha ndinkapatukira lole, tayala lidalowa mumchenga ndipo ndidagwa chamutu pa tala. Anthu adati ndatha, koma ine ndidadzuka ndi kupitiriza ulendo. Chipewa chimenechi sindingachisiye."

Ndidapempha kuti ndichione. Kunja kwake chidali chosalala, chokalikakalika pang'ono chabe. Koma nditachotsa tinsalu tofewa ta m'kati, tonse awiri tidaona mng'alu wochokera pamwamba pa khutu la kumanja kufikira pakati pa mutu, ndipo malo aakulu ngati chikhatho adali ofinyika. Ndidamuuza kuti, "Nzoona chidakupulumutsani. Koma tsiku lomwelo chidafa m'malo mwa inu. Chimene mwakhala mukuvala chiyambire pamenepo ndi mtembo wake."

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nkhani ya mwezi uno ndi ya inu nonse amene mumayenda pa njinga, yakapalasa kapena yamoto, oyendetsa ndi okwezedwa omwe, kuti mudziwe nthawi yoyenera kutaya chipewa ndi kupeza china.

MUTU WA MUNTHU SULIMBA MONGA TIMAGANIZIRA

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 300 kapena 400. Ndi wofewa kwambiri, ndipo umakhala m'timadzi m'kati mwa chigaza. Munthu akagwa pa njinga mutu nkumenya pansi, chigaza chimaima mwadzidzidzi, koma ubongo umapitirira ulendo wake nkukamenya fupa cham'kati. Pamenepo ubongo umatha kusupuka, kutupa, kapena mitsempha yake ya magazi kuduka.

M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala koposa, ndipo kuseri kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Fupa limeneli likasweka, magazi amatuluka nkumaunjikana m'kati mwa chigaza, kumene alibe kolowera, motero amafinya ubongo pang'onopang'ono. Dzanja lothyoka limalumikizika, khungu long'ambika timalisoka, koma mbali ya ubongo imene yafa simeranso. Amene apulumuka amatha kutsala opuwala ziwalo, osalankhula bwino, oiwalaiwala, kapena odwala khunyu moyo wawo wonse.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ku Africa kuno ndi kumene imfa zotere zichuluka koposa. Bungwe lomweli likuti chipewa chabwino, chovalidwa moyenera pa njinga yamoto, chimachepetsa kuvulala kwa ubongo ndi magawo ofika 74 pa 100 alionse.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa mmene msewu wa M5 ulili, kuchokera ku Benga, kudzera pa boma, pa Bua, mpaka ku Dwangwa ndi ku Dwambazi. Mumadutsa malole, mabasi ndi maminibasi, pamodzi ndi njinga zosenza madengu a usipa, matumba a mpunga ndi chinangwa. M'mbali mwake muli mchenga umene umagwetsa ngakhale katswiri wopalasa.

MMENE CHIPEWA CHIMAGWIRIRA NTCHITO

M'chaka cha 1935 msilikali wotchuka wa ku England, T. E. Lawrence, adamwalira atavulala mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Mmodzi mwa madokotala amene adamusamala, Hugh Cairns, adayamba kufufuza za imfa za okwera njinga zamoto, ndipo m'chaka cha 1941 asilikali a ku Britain adalamulidwa kuvala zipewa akamayendetsa njingazi. Chipewa cha njinga yakapalasa cha mtundu umene tikuuona lero chidayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1975, ndipo mu 1990 chigawo cha Victoria ku Australia chidakhazikitsa lamulo loti aliyense wopalasa njinga azivala chipewa. Kuno ku Malawi malamulo apamsewu amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwezedwa wake onse avale chipewa.

Chipewa chenicheni, chimene ambiri amachitcha helemeti, chili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi chigoba chakunja, chimene chimatereretsa mutu pa tala ndi kuletsa miyala ndi zitsulo kuboola. Chachiwiri ndi thovu louma lochindikala la m'kati mwa chigobacho. Ili ndi lofanana ndi chinthu choyera chopepuka chija chimene chimatchingira wailesi yatsopano m'katoni, kapena chimene amapangira mabokosi osungiramo nsomba pa ayezi. Akatswiri amalitcha polystyrene. Chachitatu ndi tinsalu tofewa tokhudza mutu, timene timamwa thukuta ndi kuthandiza kuti chipewa chikhale bwino. Chachinayi ndi lamba wa pachibwano pamodzi ndi chomangira chake.

Anthu ambiri amaganiza kuti mphamvu ya chipewa ili m'chigoba. Si choncho ayi. Chimene chimapulumutsa ubongo ndi thovu louma lija. Thovuli ndi timibulu tambirimbiri todzaza mpweya, tomatikizana pamodzi. Mutu ukamenya pansi, timibulu timeneti timaphwanyika, ndipo pophwanyikapo timamwa mphamvu imene ikadafika ku ubongo. Mutu suima mwadzidzidzi monga ukadachitira pa tala yeniyeni, umaima mwapang'onopang'ono.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi: timibulu timeneti tikaphwanyika sitibwereranso mwakale. Inu a ku Dwangwa mukudziwa kuti nzimbe ikatafunidwa kamodzi, madzi ake atha. Ngakhale mutaisunga chaka, simudzapezamonso kutsekemera. Thovu la chipewa ndi chimodzimodzi. Lidapangidwa kuti liwonongeke pa ngozi imodzi pofuna kuti mutu wanu usawonongeke. Mukadzagwanso, malo ofinyika aja adzapereka mphamvu yonse ku chigaza chanu ngati kuti mwavala kapusi wamba.

NTHAWI ZISANU NDI ZIWIRI ZOTAYIRA CHIPEWA

1. Mukagwa nacho mutu nkumenya pansi, mtengo, galimoto kapena chinthu china cholimba. Chitayeni ngakhale chikuoneka chabwino. Chigoba chimatha kubwerera m'malo mwake nkubisa thovu lofinyika, ndipo ming'alu ina imakhala m'kati mwa thovu momwe maso sangaone. Ngati simukukumbukira bwino ngati mutu udagunda pansi kapena ayi, ingoganizani kuti udagunda.

2. Mukaona mng'alu pa thovu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, kapena malo ofinyika, ofewa, kapena ofumbutuka mukawakanda ndi chikhadabo.

3. Chigoba chikang'aluka, chikaboola, kapena chikayamba kumatuka pa thovu. Chigoba ndicho chimagwira thovu pamodzi pa nthawi ya ngozi kuti lisamwazike.

4. Lamba akaduka, akayamba kuyoyoka ulusi, kapena chomangira chake chikathyoka. Chipewa chosamangika chimavuka munthu ali m'malere, ndipo chimakagwa kwina mutu nkugwa kwina.

5. Chipewa chikayamba kukhwepa, kotero kuti mukapukusa mutu chimayenda chokha. Kwa ana ndi motembenuza: mutu ukakula, chipewa chimathina ndi kukhala pamwamba penipeni, mphumi ili pamtunda.

6. Chikakhudzidwa ndi petulo, mafuta osungunulira penti, kapena moto.

7. Chikatha zaka pafupifupi 5 chikugwira ntchito. Opanga zipewa ambiri amalangiza motero, pakuti dzuwa, thukuta ndi kugundagunda kwa tsiku ndi tsiku zimafooketsa chigoba, lamba ndi tinsalu ta m'kati. Cha munthu wa kabaza, chimene chimavalidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, chingathe msanga kuposa pamenepa. Tsiku limene chidapangidwa limalembedwa pa kapepala ka m'kati.

Wina angafunse kuti, nanga chipewa chikangogwa chokha kuchokera pa handulo kapena pa tebulo, mulibe mutu? Kawirikawiri kugwa kotere sikuchiwononga, chifukwa mulibe cholemera chofinya thovu. Komabe chiyang'anitsitseni. Koma ngati chapondedwa ndi galimoto, chagwa pamwamba pa lole ili kuyenda, kapena chatsamiridwa ndi thumba la mpunga, chimenecho chatha.

YESANI CHIPEWA CHANU KAMODZI PA MWEZI

Mayi wanzeru sagula mphika asanaugogode kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Inunso chitani chimodzimodzi ndi chipewa chanu. Chitengereni panja pamene pali kuwala kokwanira. Yang'anani chigoba chonse, makamaka m'mphepete ndi mozungulira mabowo olowera mphepo. Chotsani tinsalu ta m'kati ngati timachotseka, ndipo yendetsani zala pa thovu lonse. Liyenera kukhala lolimba ndi lochindikala mofanana mbali zonse ziwiri. Gwirani chipewa cha njinga yakapalasa ndi manja awiri ndi kuchikoka pang'ono ngati mufuna kuchitambasula: ming'alu yobisika imayasama. Kokani lamba mwamphamvu, ndipo mangani ndi kumasula chomangira kangapo kuti mumve ngati chikugwira. Pa chipewa cha njinga yamoto onaninso galasi lakumaso. Likakalika kwambiri limabalalitsa kuwala kwa magalimoto usiku, ndipo lokhalo mungathe kusintha popanda kutaya chipewa chonse.

Mukatha, chivaleni. Chikhale chowongoka, osati chopendekera kunkhongo. Pa chipewa cha njinga yakapalasa, pakati pa nsidze ndi mphepete mwake pangolowa zala ziwiri. Malamba akumane kunsi kwa khutu, ndipo pansi pa chibwano pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri.

ADANI A CHIPEWA KUNO KUNYANJA

Mdani woyamba ndi dzuwa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno tonse tikukudziwa. Chipewa chimene chimakhala tsiku lonse pa handulo padzuwa chimasuluka mtundu, ndipo chigoba chake chimauma nkuyamba kusweka msanga. Poyembekezera okwera, chivundikireni kapena chiikeni pamthunzi. Musachisunge padenga lamalata, kapena pafupi ndi moto wowambira nsomba.

Mdani wachiwiri ndi petulo. Ndaonapo anyamata atanyamula botolo la petulo m'chipewa ngati kuti ndi dengu. Petulo amasungunula thovu louma lija monga madzi asungunulira mchere. Dontho lochepa limasiya dzenje. Penti ndi guluu wamphamvu nazonso zimatha kudya thovu ndi kufooketsa chigoba. Musapente chipewa, ndipo musachiboole ndi msomali wamoto pofuna kuti muzilowa mphepo.

Mdani wachitatu ndi luso lathu lomwe. Ife Amalawi sititaya chinthu msanga: beseni tiliwotcherera, nsapato tiisoka, ukonde tiulumikiza. Khalidwe limeneli ndi labwino, koma pa chipewa nlangozi. Chipewa chomangidwa ndi waya, chokulungidwa ndi malegeni, kapena chomatidwa ndi selotepi chingakuthandizeni kudutsa pamene pali apolisi, koma msewu sunyengeka.

Potsuka chipewa gwiritsani ntchito madzi ndi sopo wamba basi, ndipo chiumitseni pamthunzi. Inu a kabaza, chipewa cha okwera chimavalidwa ndi anthu ambiri pa tsiku. Chapani tinsalu take kawirikawiri kuti chisafalitse nsabwe ndi zipere. Wokwera angathe kuyamba wavala duku kapena kansalu kopyapyala koyera.

CHENJERANI POGULA

Zovala za pakaunjika zatithandiza ambiri, koma chipewa cha pakaunjika ndi nkhani ina. Simudziwa chifukwa chimene mwini wake woyamba adachitayira. Mwina adagwa nacho. Ngati mungathe, gulani chatsopano.

Ngakhale pakati pa zatsopano pali zachabechabe. Lowetsani dzanja m'kati: mukapeza siponji yofewa yokha, popanda thovu louma lochindikala ngati zala ziwiri, chisiyeni. Funani chizindikiro chosonyeza kuti chidayesedwa. Pa zipewa za njinga yakapalasa pamalembedwa EN 1078 kapena CPSC. Pa za njinga yamoto pamalembedwa ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT. Dziwani kuti akamberembere amamatanso zizindikiro zabodza, motero dalirani maso ndi zala zanu pamodzi ndi chizindikirocho.

Chipewa chilichonse chili ndi ntchito yake. Cha njinga yakapalasa amachiyesa pochigwetsa kuchokera pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, molingana ndi kugwa kwa munthu wopalasa. Sichikwanira pa liwiro la njinga yamoto. Cha amisiri omanga nyumba chidapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba. Chilibe thovu loteteza m'mbali ndipo chimavuka msanga. Chimenechi si cha pamsewu.

NANGA NDALAMA ZICHOKERA KUTI?

Mnyamata wa pa Chia uja adandifunsa funso limene ndikudziwa kuti ambiri a inu muli nalo. Adati, "Bambo, mwanena zoona. Koma ndikataya chimenechi lero, mawa ndivala chiyani? Ana adya chiyani?"

Sindidamunamize. Chipewa chowonongeka chimaposabe mutu wapamtunda, ndipo sindingauze munthu kuti avule nkuyenda chimutumutu. Koma chikhale cha masiku owerengeka pamene mukufuna china, ndipo m'masiku amenewo chepetsani liwiro, pewani kuyenda usiku, ndipo musachipereke kwa wokwera. Chimene chimapha ndi kuzengereza. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Werengerani motere. Munthu wovulala mutu kwambiri akafika pa chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, nthawi zambiri amayenera kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Pamafunika womudikirira, chakudya ndi zoyendera. Munda umagonera, njinga imaima, mwina nkugulitsidwa. Mtengo wa chipewa ndi wochepa kutalitali poyerekeza ndi zonsezi.

Mutu umodzi susenza denga. Inu a kabaza muli ndi magulu anu pa siteji iliyonse. Yambitsani chipereganyu cha zipewa, kapena thumba lapadera loti membala akagwa apatsidwe chipewa china tsiku lomwelo, azibweza pang'onopang'ono. Amayi a banki m'khonde, ngongole yogulira chipewa cha bambo kapena cha mwana wa sukulu si ndalama yotayika. Eni njinga amene mumalemba anyamata ntchito, chipewa chili ngati matayala ndi mabuleki: kusintha kwake ndi udindo wanu.

Potaya chipewa chakale, dulani malamba ake ndi kuchiphwanya kuti wina asachitole nkukachigulitsa. Musachiwotche, pakuti utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Musachisiyenso chagada kuseri kwa nyumba, chifukwa chimasunga madzi a mvula mmene udzudzu umaswana. Chikwirireni m'dzenje la zinyalala.

CHIPEWA CHIKASWEKA, MUTU NAWO UONEDWE

Mphamvu imene yang'alula chipewa yagwedezanso ubongo. Nthawi zina munthu amakomoka pang'ono, nkudzuka, nkumalankhula bwinobwino kwa maola angapo, pamene magazi akuunjikana m'mutu. Abale amati wapulumuka, iye nkukagona, osadzukanso. Motero aliyense amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo atenge chipewacho, pakuti chimasonyeza achipatala mbali imene yamenyedwa.

Thamangirani naye kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi: kukomoka ngakhale kwa kanthawi, mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza kobwerezabwereza, tulo tosadzutsika, kusokonezeka kapena kuiwala zimene zachitika, magazi kapena timadzi toyera totuluka m'khutu kapena m'mphuno, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kulankhula modoloreza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kuphupha ngati wa khunyu.

Pa malo a ngozi, musamudzutse mokoka kapena kumupinda khosi, chifukwa fupa la khosi lingakhale litathyoka. Musamuvule chipewa cha njinga yamoto pokhapokha ngati akulephera kupuma kapena akusanza, ndipo pamenepo mmodzi agwire mutu ndi khosi mowongoka pamene wina akuvula pang'onopang'ono. Musamumwetse madzi kapena mowa. Akabwerera kunyumba, pakhale munthu womuyang'anira kwa masiku awiri oyamba, ndipo asakwerenso njinga kufikira mutu ndi chizungulire zitatheratu.

MAWU OTSIRIZA

Patapita milungu itatu ndidadutsanso pa Chia. Mnyamata uja adandikodola ali patali, atavala chipewa chatsopano chofiira, lamba ali chomangira. Adati anzake anayi adasonkherana, ndipo mwezi wotsatira idali nthawi ya mnzake wina. Chakale chija adachidula malamba, koma adati asanachikwirire adayamba wachionetsa kwa anzake onse a pa sitejipo kuti aone mng'alu uja ndi maso awo.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi pa benchi ya chipatala, kapena amene mukuimva kwa mlangizi wa zaumoyo poyembekezera sikelo ya mwana, mukafika kunyumba lero tengani chipewa chimene chili pakhomo panu. Chotsani tinsalu ta m'kati ndi kuchiyang'ana padzuwa. Funsani mwini wake ngati adagwapo nacho. Akavomera, yambani lero lomwe kusunga ndalama ya china.